Tsiku Limene Ndinapha a Kachiwanda ndi Chala Chimodzi

Kumapiri a Dowa, chakumalire ndi Ntchisi, kuli chipatala china chimene dzina lake sinditchula, chifukwa anthu ake akadali moyo ndipo sachedwa kukumbuka. Kumeneko ndinapha munthu dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, mwiniwake ataima pambali panga chipewa chili m'manja. Ndakhala ndikuibisa nkhaniyi zaka zambiri, koma mkazi wanga amaikamba paukwati uliwonse, ndipo amaikamba molakwika. Bola muimve kwa ine.

Inali nthawi ija matipate atangokhazikika, aliyense akuti "ndi ufulu wanga," uku makampani akugulitsidwa, anthu akuchotsedwa ntchito m'magulumagulu. Ine ndinali nditalemba Fomu 4 kalekale, ndikungothandiza malume kusankha fodya ku Bowe. Ndiye kunamveka kuti bungwe lina laika makompyuta m'zipatala zingapo, oti kalaliki ndi anamwino azilembamo za odwala m'malo mwa mabuku. Makompyuta ake anali odina pagalasi ndi chala. Bungwelo linkafuna achinyamata oti akafufuze ngati makinawo akuwavuta anthu kapena ayi. Ndinalembera, ananditenga. (Malume anati n'chifukwa cha taye yawo imene anandibwereka. Mwina ankanena zoona.)

Anatiphunzitsa masiku atatu ku Lilongwe. Mkulu wathu anali Mayi Msukwa, mayi wamfupi wosakweza mawu, koma akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kukumbukira machimo ako. Aliyense anampatsa zida zake. Panali wotchi yoyimitsa, ngati ija amagwira aphunzitsi pa mpikisano wothamanga, yoyezera nthawi imene munthu akutenga polemba wodwala mmodzi. Panali tepi ndi makaseti, yoti munthu azilankhula zimene akuganiza uku akudina makinawo. Panali pepala la mafunso khumi, ndi pepala lina la mizere lolembapo paliponse pamene munthu wasochera.

"Mukakafika," anatero Mayi Msukwa, "mawu oyamba akhale akuti mwabwera kudzayeza makina, osati munthu. Chachiwiri, manja anu akhale kumbuyo. Munthu akasochera, msiyeni asochere. Kusochera kwakeko ndiye kumene takutumirani."

Ndinalemba zonsezo m'kope, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri.

Ndinafika pachipatalapo Lolemba m'mawa pa matola, fumbi litandifiiritsa mpaka nsidze. Anandilowetsa pamene antchito onse anali atangomaliza pemphero, n'kundiuza kuti ndinene chimene ndadzera. Anthu khumi ndi angapo akundiyang'ana, wotchi ili lende m'khosi, mawu onse a m'kope muja anathawa. Chimene chinatuluka ndi ichi: "Ndatumidwa kuchokera ku Lilongwe kudzayeza mmene mumagwirira ntchito."

Mayi wina wokolopa anasiya ndowa pansi pang'onopang'ono ngati muli mazira.

Munthu woyamba pa mndandanda wanga anali a Chimwaza, kalaliki wa pachipatalapo, bambo wa imvi amene anakhala akulemba odwala m'mabuku kuyambira ine ndisanabadwe. Titapuma pang'ono anathamangira kunyumba, n'kubwera atavala jekete. Ndinawakhazika pansi, ndinatulutsa pepala la mafunso, n'kuwafotokozera kuti ndiziwerenga chiganizo, iwo azindipatsa nambala: wani ngati akutsutsa kwambiri, faifi ngati akuvomereza kwambiri.

"Choyamba. Makinawa ndi osavuta kugwiritsa ntchito."

"Faifi."

"Chachiwiri. Makinawa ndi ovuta mopanda chifukwa."

"Faifi."

Ndinaika cholembera pansi. "Bambo, mwangonena kumene kuti ndi osavuta."

"Eya."

"Tsopano mukuti ndi ovuta?"

"Ine sindinanene kanthu, bwana. Mwanena ndinu. Ine ndangovomera."

Ndinayesa kufotokoza kuti mafunsowo anawasakaniza dala, ena oyamikira ena odandaula, pofuna kuona ngati munthu akumvetseradi. Anagwedeza mutu mwaulemu ndithu. Funso lachitatu, faifi. Lachinayi, faifi. Mpaka lakhumi. Nditawadandaulira anati, "Pepala lachokera ku Lilongwe, ine ndine yani kuti ndilitsutse?"

Wachiwiri anali namwino wamkulu, a sisitala Nabanda, mayi wachangu amene ankayenda ngati wasiya kanthu pamoto. Iwo sanadikire n'komwe kuti ndiwerenge. "Lembani fili monsemo. Ndikhale pakatipo, ndilibe nthawi ya milandu." Pofika madzulo ndinali ndi mapepala awiri, lina la mafaifi okhaokha, lina la mafili okhaokha, ndipo mutu unali utayamba kugunda.

Lachiwiri linali tsiku la tepi. Ndinaiika patebulo la a Chimwaza, n'kuwapempha kuti azilankhula mokweza chilichonse chimene akuganiza pamene akulemba odwala. Anaiyang'ana tepiyo ngati njoka yogona.

"Kakamva kameneka, akakamvere ndani?"

"Akuluakulu athu okha, bambo. Dzina lanu silikatchulidwa."

"Ifetu tinaona anthu akusowa chifukwa cha mawu olankhula m'basi. Mukuti zinthu zinasintha, chabwino, zinasintha. Koma ana anga sanamalize sukulu."

Kaseti yonse mbali imodzi inatha. Nditaimvera, munali kupuma kwa a Chimwaza, chifuwa cha odwala, ndi nkhuku ina imene inkatetera kuseri kwa zenera. Ndikawakumbutsa kuti, "Mukuganiza chiyani tsopano?" ankayankha kuti, "Palibe, bwana." Munthu wamkulu, mphindi makumi anayi ndi zisanu, osaganiza kanthu!

A sisitala Nabanda ndiye anachita kupyoza. "Ndikuganiza kuti mwana uyu ali ndi malungo. Ndikuganiza kuti amake anachedwa naye. Ndikuganiza kuti mnyamata wa taye uyu wanditchinga kuwala. Ndikuganiza kuti akanakhala wanzeru akananditengerako madzi." Za makinawo sananenepo ngakhale liwu limodzi. (Madzi ndinakatunga.)

Chimene chinkandiwawa kwambiri chinali kadinidwe ka a Chimwaza. Sankadina ndi chala. Ankatenga pensulo, n'kuitembenuza chakumbali ya labala, n'kutsinzina diso limodzi ngati akuwombera mbalame, kenako n'kudina pamwamba pa batani, pamalo opanda kanthu. Akatero ankabweza mutu, n'kuwerenga zimene zatuluka, milomo ikuyenda, ndiye n'kupita patsogolo. Wodwala mmodzi, mphindi zisanu ndi zinayi. Ine ku Lilongwe ntchito yomweyo ndinkaimaliza mphindi isanakwane. Pepala langa la mizere linadzaza: "Akudina pambali. Akuchedwa. Akudinanso pambali." Mumtima ndinali nditaweruza kale kuti vuto si makina, vuto ndi mdalayu.

Lachitatu kunatentha kuyambira m'mawa. Mzere wa odwala unatuluka pakhomo mpaka pansi pa mtengo wa mango. Chakumasana panafika a Kachiwanda, mkulu wina wowonda wochokera kuseri kwa mapiri, amene anagona m'wodi sabata yathunthu ndi chibayo ndipo tsikulo adokotala anali atawatulutsa. Chinatsala n'chakuti a Chimwaza alembe m'makina kuti munthuyu watuluka, kasitika katuluke, akamate m'kabuku kawo ka kuchipatala, akalandire mankhwala okamwera kunyumba. Akazi awo, a Nangondo, anali atapita kukhitchini ya magadiyani kukamanga mapoto ndi zofunda. Galimoto yopita kwawo inali imodzi yokha patsiku, ndipo inkanyamuka wani koloko.

A Chimwaza anatembenuza pensulo. Anatsinzina diso. Wotchi yanga inkathamanga, tepi ikuzungulira, thukuta likutsikira m'kolala. A Kachiwanda anasuzumira panja kuyang'ana dzuwa, n'kunena chapansipansi kuti, "Galimoto ija itisiya."

Basi, pamenepo mzimu woipa unandilowa.

"Tasunthani pang'ono, bambo, ndikuonetseni."

"Bwana, galasili..."

"Ndikulidziwa. Ndinaliphunzira ku Lilongwe."

Sanalimbane nane. Anadzuka, anandikokera mpando, n'kundilandira pepala la mizere lija ndi manja awiri kuti lisandisokoneze. Ndinabweza wotchi pa ziro kuti onse aone kusiyana kwake. Pagalasi panali funso lakuti wodwalayu zamuthera bwanji, ndipo mayankho anali atasanjikizana, lina pamwamba pa linzake: watuluka, wamwalira, watumizidwa kwina. Ndinadina pa "watuluka," pakati penipeni, ndi chala cha mkombaphala. Panabwera kafunso kena kotsimikizira, kamene sindinakawerenge chifukwa ndinkakadziwa pamtima. Ndinavomera. Kasitika kanatuluka, ndinakamata m'kabuku ka a Kachiwanda, n'kuimitsa wotchi mochita kuikweza m'mwamba.

"Masekondi makumi anayi," ndinalengeza.

A Chimwaza anatenga kabukuko, anakakankhira patali ndi maso, n'kuwerenga milomo ikuyenda. Kenako anati, "Zoonadi ndinu achangu, bwana. Ife kuno kuti munthu afe zimatenga masiku."

Ndinawalanda kabukuko. Pa kasitika panalembedwa dzina la a Kachiwanda, mudzi wawo, tsiku ndi ola, ndipo kumapeto kwake mawu akuti wamwalira.

Apa m'pamene a Chimwaza anandifotokozera, modekha ngati akuphunzitsa mwana kumanga nsapato, kuti galasi la makina awo linasokonekera kalekale. Ukadina apa, ilo limamva kuti wadina m'munsi pang'ono, mpata wa chala chimodzi. N'chifukwa chake ankalozetsa pamwamba ndi labala, n'chifukwa chakenso ankawerenga kawiri. Zonse zimene ndinadzaza pa pepala langa ngati zolakwa zinali nzeru zimene zinkasunga anthu a m'mapiri onsewo kuti akhalebe amoyo.

"Nanga bwanji simunandiuze?" ndinafunsa.

"Pa mafunso anu khumi aja panalibe limenelo. Ndipo ndinawauzapo amene anabwera kudzaika makinawa. Anati vuto ndi chala changa."

A Kachiwanda anali akutiyang'ana uku ndi uku. "Kodi mukuti ndatani?"

"Mwamwalira, madala," anatero a Chimwaza. "Koma m'makina mokha."

"Ooo." Anaganiza pang'ono. "Nanga mankhwala ndilandira?"

Funso lake linali lenileni. Makina a kumalo olandirira mankhwala anakana: munthu womwalira sapatsidwa mankhwala. Ndinabwerera pampando kuti ndikonze, ndinadina apa, ndinadina apo, makina akungondifunsa nambala yachinsinsi imene inali ndi anthu a ku Lilongwe okha. Kupha munthu aliyense ankatha, koma kumuukitsa kunkafuna chilolezo cha akuluakulu. Mzere wonse unali utaima. A sisitala Nabanda anafika, anamva nkhaniyo, anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku taye, n'kundiponyera foni yawo ya m'manja.

"Imagwira pachulu pokha, kuseri kwa khitchini ya magadiyani. Thamangani. Ndipo musandithere mayunitsi."

Ndinathamanga. Ndinakwera pachulupo, wotchi ikundimenya pachifuwa, n'kuimbira Mayi Msukwa. Mawu ankangodukaduka. Iwo akuti "Halo? Halo?" ine n'kumakweza mawu.

"Mayi, pachitika ngozi! Ndapha munthu! Ndati NDAPHA MUNTHU! A Kachiwanda! Ka-chi-wa-nda! Amwalira pompano! Ayi, si adokotala, ndine ndawapha!"

Ndinamva chiphokoso cha mapoto akugwa. Nditayang'ana pansi, mayi wina wachikulire anali ataima pakhomo la khitchini, mtolo utamasuka pamapazi pake, manja ali kumutu. Sindinkawadziwa nkhope, koma kulira kumene kunatuluka kunandiuza kuti ndi a Nangondo. Amayi ena onse a m'khitchinimo anasiya zophika zawo n'kuwagwira, kulira kunakula, gulu lonse n'kuyamba ulendo wopita kuwodi ya abambo. Ine ndinatsetsereka pachulupo ndi matako (buluku linang'ambika, koma zimenezo ndinazidziwa pambuyo pake) ndikukuwa kuti, "Sanafe! Afa m'makina!" Ambiri sanandimve. Amene anandimva anaganiza kuti makina ena awaphwanya.

Anakumana pakona ya khonde. A Kachiwanda anali atatuluka kudzaona kuti maliro ndi a yani. Amayi awiri anathawa osacheuka. A Kachiwanda anawayang'ana akazi awo, n'kunena kuti, "A Nangondo, tasungani misoziyo. Ndikadalipo."

Anthu anayamba kuseka, ena mpaka kugwira khoma. Koma a Nangondo sanaseke. Anakhala pansi pa simenti pomwepo, atagwira mwendo wa buluku la amuna awo osausiya. Kuseka kuja kunazilala kokha. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinayamba kufotokoza za galasi, za batani, za chala, koma anandidula.

"Mwana wanga, sabata yonseyi ndakhala ndikugona pakhonde, ndikamva nsapato za anamwino mtima n'kumati abwera kudzandiuza. Lero ndimati ndapulumuka. Mawu amenewo si oti uzikuwa nawo pachulu."

Mawu awo amenewo mpaka lero sindinawaiwale.

Za mankhwala anakonza ndi a Chimwaza. Anatsegula kabati, anatulutsa buku lawo lakale lija anauzidwa kuti asamaligwiritsenso ntchito, analipukuta fumbi ndi mkono wa jekete, n'kulembamo dzina la a Kachiwanda ndi zilembo zokongola ngati za pa satifiketi. A sisitala anasainira, mankhwala anaperekedwa. Koma galimoto inali itapita. A sisitala sanachite kundifunsa. Anangoloza mtolo wa mapoto, n'kuloza mutu wanga.

Tinayenda maola atatu, kukwera ndi kutsika, tikupuma pafupipafupi chifukwa a Kachiwanda mpweya unkawathera. Ine patsogolo, mapoto ali pamutu, taye ili m'khosi, dzanja limodzi litagwira kumbuyo kwa buluku. Aliyense amene tinakumana naye panjira, a Kachiwanda ankaima n'kumupatsa moni bwinobwino, kenako n'kuloza ine: "Awa ndi amene anandipha." A Nangondo sanandilankhule njira yonse. Titafika anandipatsa madzi ndi chinangwa chophika, n'kundisokera buluku ndili chikhalire pampando. Ndinaona kuti chikhululuko chawo n'chomwecho, ndipo sindinapemphe china.

M'makina, a Kachiwanda anakhalabe omwalira kwa sabata ndi masiku, mpaka kunabwera munthu wa pa njinga yamoto kudzawaukitsa.

Ndinabwerera ku Lilongwe nditakonza bodza langa bwinobwino, loti makina anasokonezeka okha. Ndinapereka makaseti ndi mapepala osawayang'ananso. Chimene ndinaiwala n'chakuti tsiku lija tepi ndinaisiya ikuzungulira patebulo. Pamsonkhano wa tonse, pali anzanga, pali anyamata okonza makinawo, Mayi Msukwa anaika kaseti yanga n'kudina. Munamveka mawu anga, onenepa ndi matama: "Ndikulidziwa. Ndinaliphunzira ku Lilongwe." Kenako munamveka mpando ukukokedwa, ndipo mawu ena anayandikira pa tepi penipeni, omveka bwino ngati a pa wailesi. Anali a Chimwaza, amene masiku awiri onse analibe choganiza.

"Tsopano ndikuganiza mokweza, monga anandipempha. Ndikuganiza kuti mnyamatayu adina pakati. Akadina pakati, madalawa afa. Eya. Wadina. Tsopano akufunsidwa ngati akutsimikiza. Ndikuganiza kuti sawerenga. Sanawerenge."

Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Mayi Msukwa anakweza pepala langa la mizere. Kunsi kwa zolemba zanga zokhotakhota kunali mizere isanu ndi umodzi ya zilembo zokongola zija, chilichonse chimene ndinalakwitsa, ndi nthawi yake pambali.

Mmodzi yekha mwa okonza makina aja sanaseke. Anapempha kuti abweze kasetiyo, anamveranso, n'kufunsa kuti zipatala zina magalasi ake anawayesa liti. Mwezi usanathe anazungulira konse kukonza magalasi, batani la imfa analichotsa pafupi ndi linzake n'kuliika pakona lokhalokha, ndipo analola kuti namwino wamkulu azitha kubweza cholakwika popanda kuimba foni. Mafunso khumi aja anawonjezerapo lina lakumapeto, lofunsa munthu ngati pali chimene akufuna kunena chimene sichinafunsidwe. A Chimwaza ndinamva kuti anawaitana kukaphunzitsa makalaliki anzawo.

Ine sanandichotse ntchito, ngakhale ndinkalakalaka akanatero. Mayi Msukwa anati mwa tonse amene tinatumidwa, ine ndiye ndinabwera ndi zotsatira zothandiza kwambiri, kungoti ndinazipeza pophwanya lamulo lililonse limene anandipatsa. Kumidzi sananditumenso. Anandikhazika muofesi kuti ndizimvera makaseti onse n'kumalemba liwu ndi liwu, kuphatikizapo yanga. Mu lipoti, popeza maina satchula, ndinalembedwa kuti "wogwiritsa ntchito makina wachitatu, wodzidalira kwambiri." Ndinataipa ndekha mawu amenewo.

Mungaganize kuti munthu woti anasenza mapoto maola atatu anaphunzirapo kanthu. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma mwezi wathawu mkazi wanga ankavutika kutumiza zithunzi za ubatizo wa mdzukulu wathu kwa mchemwali wake, akudina pang'onopang'ono, akuwerenga chilichonse, ine ndili pambali mtima ukuwira. Ndinapirira mphindi ziwiri zathunthu. Kenako ndinamulanda foniyo.

Zithunzizo zinalipo makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ndinazifufuta zonse. Akuti mwina amene anatijambula anasungako zina.